Tikupita ku Italy mu Okutobala, ndikufuna ndikadye zimene eni ake amadya

MayiWaPaLiwonde

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mukukhala ku Italy kapena munapondako.

Mwana wathu wamkazi akumaliza maphunziro pa yunivesite ya Bologna, mwambo wake uli mu Okutobala. Iyeyo ndi mchimwene wake wa ku Johannesburg asonkherana kuti ine ndi bambo ake tikaone ndi maso athu. Bambo akewo tulo sakupeza, akungoganiza za mwana atavala nkhata ya masamba ija amavala omaliza sukulu kumeneko. Nkhatayo nanenso ndikaiona, ndikalulutira, koma kunena zoona mtima wanga uli kukhitchini.

Malemu mayi anga ankaphikira ansembe a ku Italy pa parishi ina ku Balaka, ndipo ine ndinakulira pakhomo pa khitchini imeneyo, kusenda anyezi ndi kusuzumira m'mapoto. Panali bambo mfumu ena okalamba amene Lamlungu misa ikatha ankalowa okha kukhitchini, n'kupinda malaya, n'kuyamba kukanda ufa wa tirigu ndi mazira pathebulo, madzi osathiramo ngakhale dontho. Ankaufutukula ndi ndodo yaitali mpaka mizere ya thabwa iyambe kuonekera kunsi kwake. Lero ndili ndi malo anga odyera pa Liwonde, ndimaphikanso pa maukwati, ndipo sipageti ndimaiphika monga ndinaonera kwa mayi. Makasitomala amaikonda, koma ndimafuna ndikalawe ya eni ake ndidziwe pamene ndaima.

Tsono nthawi ndi yochepa, ndalama nazo ndi zowerengeka. Mwana akuti tingokhala ku Bologna. Anzanga a kuno akuti munthu sangabwereko osafika ku Roma, Venice ndi Milan. Nanga nditsate ziti? Mwanayo za zakudya sindingamudalire, zaka zonsezi wakhala akudya za kukantini ya sukulu. China, bambo akunyumba ndi a Seventh Day, nkhumba sayandikira, ndipo ndamva kuti ku Bologna nkhumba ili paliponse. Kodi akadya chiyani? Komanso pali njira yoti mayi ngati ine n'kulowa m'khitchini ya kumeneko kukaphunzira, osangokhala pathebulo kudikira mbale?

WaKuBergamo

Zikomo amayi, ndipo mwanayo mumuyamikire m'malo mwathu. Kumaliza pa Bologna, sukulu imene inayamba mu 1088, si zamasewera.

Ine ndimasamalira agogo ena aakazi m'mudzi wina kufupi ndi Bergamo. Ndimagona konko, timadya pathebulo limodzi, ndipo masiku ano miyendo yawo inafooka, ndiye wophika ndine, iwo amangondilangiza ali pampando. Zimene ndikuuzenizi ndi za m'nyumba imeneyo ndi za kumene ndayendako.

Mwana wanu akunena zoona, musathamange ndi mizinda. Kuno chigawo chilichonse chili ndi zakudya zake, mwina mudzi uwu ndi uwo kukangana pa kaphikidwe ka chinthu chimodzimodzi. Kumpoto kuno ndi batala, mpunga ndi chimanga. Kummwera ndi mafuta a maolivi, matimati ndi pasta youma ya m'mapaketi. Munthu wongodumpha mzinda uwu lero, uwo mawa, amathera kudya pizza yotenthetsa pafupi ndi siteshoni, n'kubwerera kwawo akuti za ku Italy n'zongotchuka. Inu mwagwera pabwino, chifukwa ngakhale a kuno, amene savomerezana pa chilichonse, ambiri amavomereza kuti ku Bologna kumadyedwa bwino.

Zimene ankachita bambo mfumu aja ku Bologna ndi ntchito ya amayi otchedwa sfogline. Muyeso wake ndi dzira limodzi pa magalamu 100 a ufa, basi. M'mashopu ena amagwirira pawindo penipeni, mukhoza kuima panja n'kumaonerera manja awo akupinda tortellini tating'ono ngati nsonga ya chala. Yambirani m'timisewu ta Quadrilatero, kuseri kwa Piazza Maggiore, kumene kuli msika wakale. Ena mwa amayi amenewa amaphunzitsanso alendo, mumalipira, mumavala epuloni m'mawa, mumakanda, mumafutukula, mumadula, masana mumadya zimene mwapanga nokha. Mwana wanu akusungitsireni malo nthawi ikadalipo, ndipo apite nanu kuti azikumasulirani. Pa ndalama zonse za ulendowu, imeneyo ndi imene simudzaidandaula.

Mukakhala pathebulo musakaitanitse spaghetti bolognese, eni ake sadya choncho. Msuzi wawo wa nyama, ragù, amadyera tagliatelle, pasta ya mazira yodula motambalala, chifukwa ndi yokhakhala ndipo msuzi umaikakamira. Nkhaniyi amaitenga mozama moti mu 1972 anakalembetsa ku ofesi ya zamalonda ya mzindawo kuti tagliatelle ikapsa izikhala mamilimita 8 m'lifupi, ndipo mu 1982 anakasungitsanso komweko kaphikidwe ka ragù. Mukaulawa mudzadabwa kuti matimati ndi ochepa. Chochuluka ndi nyama yogaya, yokazinga pamodzi ndi anyezi, karoti ndi selari, kenako vinyo pang'ono, kamkaka pang'ono, pamoto wochepa maola awiri kapena atatu. Pasta amaiphula ikadali ndi kamtima mukailuma, n'kuimalizitsira m'poto wa msuzi ndi kamadzi kake komwe inawiriramo. Kwathu ambiri timaiwiritsa mpaka ifeweretu, n'kuitsuka ndi madzi ozizira, msuzi n'kuthira pamwamba. Kukoma kumathawira pamenepo.

Za bambo, munamva zoona, ndipo musazipeputse. Soseji yawo ya mortadella ndi nkhumba, m'kati mwa tortellini muli nkhumba, ragù amayambira ndi pancetta imene ilinso nkhumba. Choopsa kwambiri ndi chosaoneka, mafuta a nkhumba otchedwa strutto. Amawaika mu timabuledi tawo ta piadina, tigelle ndi crescentine, ngakhale mu buledi wina wamba. Mwana awalembere pakapepala mawu akuti senza maiale, senza strutto, ndiko kuti popanda nkhumba, popanda mafuta a nkhumba, azikaonetsa kwa woperekera zakudya, chifukwa ena mukangoti nkhumba amaganiza za nyama yokha, mafutawo amaiwala. Koma njala sadzagona nayo. Kuli tortelloni zazikulu zoikamo tchizi wofewa wa ricotta ndi masamba, zothira batala ndi masamba onunkhira a salvia. Kuli passatelli, zopanga ndi nyenyeswa za buledi, mazira ndi tchizi, zophikira mu supu, angofunsa kuti supuyo ndi wa nkhuku ndi ng'ombe basi. Ku Ferrara, pafupifupi theka la ola pa sitima, kuli cappellacci zoikamo dzungu, aitanitse za batala osati za ragù. Okutobala ndi nyengonso ya bowa wa porcini, mpunga wophikira bowa ameneyo ndi chinthu china.

Tsiku lina mudzuke m'bandakucha mukaone kumene amapanga tchizi wa Parmigiano Reggiano, chakumadzulo kwa Bologna, cha ku Modena, Reggio Emilia kapena Parma. Amayamba m'mawa kwambiri, mukachedwa mupeza atatsuka kale. Amagwiritsa ntchito mkaka, mchere ndi choundanitsa mkaka chochokera m'mimba mwa thole, palibenso china. Chigubudu chimodzi chimadya malita pafupifupi 550 a mkaka ndipo chimalemera makilogalamu cha m'ma 40. Chimakhala pashelefu miyezi 12 kaye, ndiye kumabwera katswiri ndi kanyundo, amagogoda n'kumamvetsera ngati m'kati muli mphako. Chimene chalephera sachidinda chizindikiro. Mukalowa mosungiramo, mashelefu kufika kudenga, fungo lake lokha mumamva ngati mwadya kale.

Ndiye ngati pangatsale mpata wa ulendo umodzi wautaliko, bwerani kuno. Sindikunena chifukwa choti ndi kumene ndimakhala. Ansembe ambiri a chipani cha Montfort amene anatumikira ku Balaka ndi ku Mangochi ankachokera dera lino, ngakhale Ambuye Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa Mangochi, kwawo kunali konkuno. N'kutheka kuti amene mayi anu ankawaphikira anakulira m'midzi yomwe ino. Ndipo chimene anakulira si pizza, ndi polenta, nsima ya chimanga chachikasu.

Lamlungu lililonse agogo anga amafuna polenta, kaya kunja kukutentha. Amaloza mphika wa mkuwa umene unali wa amayi awo, ndimatereka madzi, ndimathira mchere, akawira ndimawaza ufa wokhakhala pang'onopang'ono ndikutakasa. Kusiyana kwake ndi kwathu n'koti savundula mwachangu n'kuphula. Mumatakasa pafupifupi ola lathunthu pamoto wochepa, mpaka iyambe kudzisiya yokha m'mbali mwa mphika. Kenako mumaikhuthulira pathabwa lozungulira pakati pa thebulo, ndipo agogo amaidula ndi ulusi, mpeni amakana. Ndiwo yake ndi kalulu wootcha mu uvuni, kapena bowa, kapena tchizi wa kumapiri amene amasungunukira pamwamba. Nkhoko za pansi pa mphika amandiuza ndiwasungire, amadyera mkaka madzulo. Yotsala mawa lake timaidula zidutswa n'kuotcha. Kulinso ina yakuderapo, polenta taragna, yosakaniza ndi ufa wa mbewu ina ndipo amathiramo tchizi ndi batala wambiri, yolemera m'mimba, ya nthawi yozizira.

Agogowa amanena kuti makolo awo ankadya polenta m'mawa, masana ndi madzulo popanda ndiwo, ndipo n'zoona, m'zaka za m'ma 1800 alimi ambiri a ku Lombardia ndi Veneto ankadwala matenda a pellagra, othetheka khungu, chifukwa chodya chimanga chokhachokha. Akamafotokoza zimenezi ndimawamvetsa kuposa mmene adzukulu awo amawamvera. Anthu a kuno anaidziwa njala, ndipo zakudya zawo zambiri zotchuka zinachokera m'manja mwa amayi osauka amene sankataya kanthu.

Bambo asadye casoncelli, pasta yoikamo nyama ya kuno, muli nkhumba m'kati ndi pamwamba pomwe. Koma mukakwera ku Città Alta, mbali yakale ya Bergamo ya pamwamba pa phiri, mukawagulire ayisikilimu wa stracciatella, anayambira mumzinda uno mu 1961.

MalumeWaKuRoma

Achemwali a ku Bergamo afotokoza bwino, ndipo za polenta sindingatsutse. Koma amayi, kuti mubwerere ku Liwonde osalawa za kummwera, ine ndiye ndikukana. Ndege ya Ethiopian yochokera kwathu kudzera ku Addis Ababa imatera ku Roma kapena ku Milan. Sankhani ya ku Roma, ndiye kuti mzindawu mwaupeza panjira. Kuchoka Bologna kufika Roma pa sitima yothamanga, Frecciarossa kapena Italo, ndi maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo matikiti mukagula masabata angapo tsiku lisanafike amatsika mtengo kwambiri.

Inu ndinu wophika, ndiye ku Roma pitani ku Testaccio. Kumeneko kunali kophera ng'ombe kwakukulu kwa mzindawu mpaka 1975. Nyama yabwino inkapita kwa olemera, antchito ankatsalira zam'kati, mchira ndi mitu, ndipo akazi awo ndi amene anazisandutsa zakudya zimene lero anthu amakwerera ndege. Mchira wa ng'ombe amauphika ndi matimati ndi selari mpaka nyama izichoka yokha pafupa, dzina lake coda alla vaccinara. Nthumbwana amaphika ndi matimati, timasamba ta timbewu ndi tchizi wa mkaka wa nkhosa, ndipo mwamwambo ndi chakudya cha Loweruka. Mumsika wa Testaccio muli ogulitsa amene amakuikirani zimenezi m'kati mwa buledi, mumadya mutaima, mtengo wake wabwino.

Pasta zotchuka za ku Roma zilipo zinayi, ndipo zitatu, carbonara, amatriciana ndi gricia, zonse zili ndi guanciale, tsaya la nkhumba. Bambo atenge cacio e pepe, ya tchizi ndi tsabola wakuda basi. Ngakhale mchira ndi nthumbwana zija afunse kaye, ophika ambiri amayambira ndi mafuta a nkhumba. Koma malo amene adzadye mtima uli m'malo ndi dera la Ayuda, pafupi ndi mtsinje wa Tevere, kumene Ayuda anatsekeredwa kuyambira 1555. Malo odyera a kosher kumeneko, otsata malamulo a zakudya a Chiyuda, nkhumba salowetsa n'komwe, nkhanu ndi nkhono za m'nyanja ayinso. Ndipo amatseka Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka madzulo, Sabata lomwelo la bambo. Akalawe chiluwe chokazinga mu ufa, ndi nsomba ya baccalà.

Kuchokera ku Roma, Napoli ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Mukhoza kupita m'mawa n'kubwerera madzulo. Pizza ya kumeneko imapsa mu uvuni wa nkhuni wotentha kupitirira madigiri 400, mphindi imodzi ndi theka yatha, pakati yofewa, m'mphepete motukuka ndi timadontho takuda. Luso la ophika akewo linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2017. Musavutike ndi zothira zambirimbiri, tengani margherita, ya matimati, mozzarella ndi masamba a basilico, kapena marinara ya matimati, adyo ndi mafuta. Zonse ziwiri bambo angadye, ndipo ndi chakudya chotchipa kwambiri chimene mungapeze. Pizza yokazinga m'mafuta ndi makeke a sfogliatella azisiye, kawirikawiri mumakhala za nkhumba.

Kuti musaberedwe pa mitengo: malo amene pakhomo paima mnyamata woitanira anthu, pali zithunzi za zakudya ndi mndandanda wa zinenero zisanu, dutsani. Lowani timisewu tiwiri kapena titatu kuchoka pamene pali alendo ambiri, muone pamene akudya antchito. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 12:30 mpaka 2:30, mgonero 7:30 kapena 8, ndipo malo abwino pakati apo khitchini amatseka. Pa bilu mudzaona coperto, ndalama yolipirira kukhala pathebulo, mayuro awiri kapena atatu pa munthu, m'malo ambiri a ku Italy ndi mwambo, si kuba. Nsomba kapena nyama ikalembedwa all'etto, mtengowo ndi wa magalamu 100 okha, funsani kulemera kwake asanaphike. Simukakamizidwa kudya mbale zonse kuyambira antipasto, primo, secondo mpaka dolce, eni ake masiku wamba amatenga imodzi kapena ziwiri. Khofi imwani mutaima pa kauntala, mukakhala pampando panja mtengo umakwera. Madzi ku Roma musagule, mipopi yachitsulo ya m'misewu ija madzi ake ndi akumwa. Chikwama chokha muzichigwira kutsogolo m'mabasi odzaza.

Mtsikana_wa_ku_Area25

Amayi, zonsezi n'zokoma koma yambani ndi viza, chifukwa Okutobala sali patali. Ya Schengen, yolowera ku Italy ndi maiko ena a ku Ulaya, ndi mayuro 90 munthu mmodzi, ndipo amalola kupempha kukadali miyezi 6 ulendo usanafike, ndiye musadikire. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, mwana wanu afunse kumeneko kuti mapepala mukapereke kuti. Amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa kokagona, masitetimenti a kubanki, kalata yokuitanani, ndi chosonyeza kuti mubwerera kumudzi. Inu mapepala a bizinesi yanu ya pa Liwonde adzakuthandizani pamenepo. Mayuronso yambani kusaka lero, mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki mwathu. Ngati n'kotheka achimwene a ku Johannesburg alipiriretu sitima ndi malo ogona pa intaneti.

Ndipo popita musanyamule nyama kapena za mkaka zoti mukapatse mwana, ku Ulaya salola kulowa nazo.

MayiWaPaLiwonde

Ambuye akudalitseni nonse. Ndawawerengera bambo, atamva za malo otseka pa Sabata aja anyadira kwabasi, akuti ku Roma tikafika basi. Tagwirizana kuti titere ku Roma, tikhalitse ku Bologna, ndipo achemwali, ku Bergamo ndikubwera, ndikufuna ndikagwire mthiko wa polenta ndi manja anga. Venice ndi Milan zitsale. Za Napoli tiona mmene thumba lidzakhalire.

Funso lina kwa achemwali. Ndikaphunzira kukanda pasta ya mazira, kodi ufa wa tirigu wa m'mashopu mwathu ungathe, kapena mpaka ndinyamule wa kumeneko? Nanga m'chikwama pobwerera ndiikemo chiyani chimene chingandithandize pa bizinesi?

WaKuBergamo

Ufa musanyamule amayi, mungolipira makilogalamu a ndege pachabe. Kuno amagwiritsa ntchito wosalala kwambiri wolembedwa 00, koma wa makeke wa kwathu ndinauyesa nditabwera ku tchuthi ndipo unatheka. Mazira a nkhuku zachikuda amapereka mtundu wabwino kuposa a m'mashopu, koma ndi aang'ono, ndiye ufa muzichepetsako. Mukakanda muziuphimba ndi mbale kwa theka la ola usanafutukulidwe, makamaka ndi kutentha kwa ku Liwonde, apo ayi umauma n'kumang'ambika.

Chonyamula, gulani kamakina kopukusa ndi dzanja kofutukulira pasta, ka Imperia kapena Marcato. Sikafuna magetsi, ndipo pa ukwati wa anthu ambiri ndodo yokha ingakuthyoleni msana. Tchizi wa Parmigiano mukagule komwe amapangako, muwauze sottovuoto, amakutsekerani m'pulasitiki yochotsa mpweya ndipo amapirira ulendo, koma mufunsiretu malamulo a pabwalo la ndege kwathu. Tengani wa miyezi 24, ndi amene amapalika bwino. Khungu lake musamataye, muziliponya mu mphika wa nyemba zikamawira. Vinega wakuda wa ku Modena weniweni, wokhala m'migolo zaka 12 kapena 25, amagulitsidwa m'timabotolo ta mamililita 100 ndipo ndi wodula zedi, mungolawa pomwepo, pa bizinesi sangakubwezereni ndalama. Basilico ndi salvia zimamera kwathu, ndinaona m'munda wa masisitere ena ku Balaka komweko, mukapemphe mbande.

Ndawauza agogo kuti kukubwera mayi wa ku Malawi amene mayi ake ankaphikira ansembe a kuno. Akuti mubwere Lamlungu, ndipo afunsa ngati bambo amadya kalulu. Ndawayankha kuti a Seventh Day kalulu sadya, ndiye akuti tidzaphika nkhuku ndi bowa. Viza ikangotuluka mundilembere kumbali, tipangane za sitima.